Mudzi wa Pafupi ndi Mlambe

Anatsika basi pa Mtakataka mu Okutobala, mwezi umene dzuwa la kuno kuchigwa limaswa mtengo, mbuzi n'kuleka kudya kukabisala pansi pa nkhokwe. Anali bambo wa imvi zongoyamba kumene, chikwama chimodzi m'manja, nsapato zopolishidwa ngati akukafunsira mbeta. Anandipeza pakhonde la golosale ya mlamu wanga. Atapereka moni m'Chichewa chotsimphina, chodzaza ndi Chishona, anatulutsa chithunzi chakale cha mnyamata wovala jekete lomukulira.

"Pepani abambo, ndikufuna kwawo kwa munthu uyu. Ndi bambo anga. Anamwalirira ku Zimbabwe."

Tinamupatsa mpando ndi madzi. Nditafunsa dzina la malemuwo, ananditchulira dzina lachizungu, la mtundu uja eni mafamu ankangopachika pa wantchito kuti lilime lawo lisavutike. Ndinafunsa mfunda. Anangondiyang'ana. Ndinati mwina mawuwo sawadziwa, choncho ndinayamba kutchula ndekha: a Phiri kodi, a Banda, a Mbewe, a Ngozo, a Maseko? Anapukusa mutu. Nanga mudzi, mfumu yake, mlongo wawo, malume awo? Zonsezo ayi. Chitupa chimene chikanatitsogolera chinasowa pamene banja lake linkathamangitsidwa pafamu imene iye anabadwira, m'zaka zija zolanda mafamu zimene zinayamba mu 2000. Chimene bambo ake anamusiyira anali mawu ochepa amene ankawabwereza pa Khirisimasi mowa ukawalowa: kwathu ndi ku Mtakataka, pafupi ndi mlambe waukulu.

Mlamu wanga anaphulika kuseka, kenako anagwira pakamwa. Amene anayendapo mumsewu wa M5 kuchokera ku Golomoti, kudutsa pa Mua mpaka ku Chipoka, akudziwa chimene chinamuseketsa. Kuno milambe ili ngati anthu pa tsiku la msika. Mudzi uliwonse uli pafupi ndi mlambe, ndipo mlambe uliwonse ndi waukulu kwa mwana amene anatolapo malambe pansi pake.

Munthu ameneyu amandibwerera m'maganizo ndikamva mlaliki akutsegula Genesis mutu 12. Mutuwu wakondedwa kwambiri masiku ano, makamaka pa mapemphero otsanzikana ndi mnyamata amene wagulitsa njinga yake ndi mbuzi za mayi ake kuti apeze ya basi ya ku Joni. Abramu anauzidwa kuti achoke kwawo, amatero mlaliki, nawenso nyamuka, madalitso ali kutsogolo. Anthu n'kuyankha ameni wamphamvu. Pa mapemphero otere sindinamvepo wina akubwerera tsamba limodzi m'mbuyo kuti awerenge mutu 11. Ndi wogonetsa tulo, ndikuvomera: mayina okhaokha, wakuti anabereka wakuti, anakhala zaka zakuti. Komatu katundu amene Abramu ananyamula pochoka ali mmenemo.

Muli Tera, mwana wa Nahori, mdzukulu wa Serugi. Muli ana ake atatu, Abramu, Nahori ndi Harani. Kwawo kunali ku Uri wa ku Kaldeya, mzinda umene mabwinja ake ali kummwera kwa Iraq, kufupi ndi Nasiriyah. Leonard Woolley atakumba kumeneko kuyambira 1922 mpaka 1934 anafukula manda a mafumu odzaza ndi golide, m'mphepete mwa nsanja yaikulu ya njerwa yopembedzerapo mulungu wa mwezi. Sunali mudzi wa anthu osowa mchere. Kumeneko Harani anamwalira bambo ake akadali moyo, maliro opweteka aja a kholo kuika mwana, n'kusiya Loti, Milika ndi Isika. Nahori anakwatira Milika, mwana wa m'bale wake. Sarai, monga Abrahamu anadzaululira yekha m'mutu 20, anali mlongo wake wa bambo mmodzi koma mayi osiyana. Kwathu kuno chisuweni timachilola, koma ukwati umenewo ankhoswe akanauthawa. Buku la Yoswa, mutu 24, likuwonjezera kuti Tera ankapembedza milungu ina. Taonani, olembawo sanasese pabwalo kuti alendo aone poyera. Anasunga zonse, zonunkhira ndi zonunkha zomwe, chifukwa mbumba imadziwika ndi zipsera zakenso.

Ndipo amene anamanga katundu poyamba si Abramu. Ndi Tera. Anatenga Abramu, Sarai ndi mwana wamasiye uja Loti, cholinga chili ku Kanani. Atafika ku Harani, kumene lero ndi kummwera chakum'mawa kwa Turkey, mzinda winanso wa mulungu wa mwezi, anatula katundu, osanyamulanso. Anafera komweko ali ndi zaka 205. M'chinenero chathu, Tera anachona. Mlendo wathu uja anatiuza kuti bambo akenso sankapita ku Rhodesia ayi. Ankapita ku migodi ya ku Joni wapansi, monga ankachitira ambiri amene sanalembedwe ndi Wenela, ndipo anaima pafamu ya fodya kuti apeze kaye ya kamba. Kaye ameneyo anakhala moyo wonse.

Kuchona kwa Tera n'kosiyana ndi kwa bambo aja pa chinthu chimodzi: mayina sanafere panjira. Abramu anachoka ku Harani ali ndi zaka 75, koma njira ya m'mbuyo sinamere udzu. Kumapeto kwa mutu 22 uthenga ukumupeza ku Kanani woti Milika waberekera Nahori ana aamuna asanu ndi atatu, ndipo onse akutchulidwa mayina, mpaka Betuele. Kunalibe foni, kunalibe positi ofesi. Isake atafika pokwatira, wantchito anatumidwa ndi ngamira khumi ku mzinda wa Nahori. Pachitsime sanafunse za mtengo waukulu. Anafunsa mtsikana kuti ndi mwana wa yani, ndipo Rebeka anayankha ndi mayina atatu: Betuele, Milika, Nahori. Chitseko chinatseguka usiku womwewo. Patapita m'badwo wina, Yakobo, wothawa mkwiyo wa m'bale wake, anafika pachitsime cha dera lomwelo n'kutchula dzina la Labani kwa abusa, ndipo iwo ankamudziwa. Sara atamwalira ali ndi zaka 127, Abrahamu anakana manda aulere. Anagula munda ndi phanga la Makipela kwa Efroni Mhiti pa masekeli 400 a siliva, pamaso pa mboni. Ankafuna malo amene mdzukulu adzaloze ndi chala popanda womutsutsa.

Mlendo wathu anakhala nafe milungu itatu. Tinamuperekeza kwa anyakwawa angapo. Chithunzi chija chinayenda m'manja mwa agogo ambiri, ena akuchiyandikiza kumphuno, ena akuchitalikitsa. Gogo wina anati nkhopeyo ikufanana ndi ya uje amene anapita ndi Wenela, koma anzake anamudzudzula: ameneyo anabwerako Kamuzu ataletsa zolemba anthu, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974, ndipo manda ake ali apo. Kumudzi wina kunapezeka bambo wa pakamwa potsekemera amene anamukumbatira akulira, nati ndiwe mwana wa achimwene anga enieni. Anadya nkhuku ziwiri ndi ndalama za mlendoyo, akuti zotsegulira pakamwa pa akuluakulu, mpaka amfumu anamuitanitsa n'kumufunsa kuti achimwene akewo anabadwa liti, popeza mudzi wonse ukudziwa kuti mayi ake anabereka mwana wamwamuna mmodzi yekha. Wosowa kwawo, aliyense wanjala amasanduka m'bale wake.

Chimene chinamuthyola msana chinachokera kwa mkulu wina woona mtima wa kufupi ndi Golomoti. Anamuuza mosapsatira.

"Mwana wanga, ngakhale utaupeza mudziwo, ngati bambo ako anali Mchewa, munda ulibe. Kuno dziko limayenda ndi bere. Adzakulandira, adzakuphikira nsima, koma adzakuuza kuti kwanu ndi kwa mayi ako."

Mlendoyo anaseka kuseka kopanda mano. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo. Abale a mayi ake anamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti kwawo ndi ku Malawi. Boma la Zimbabwe nalonso linanena zomwezo m'njira yake: lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a Amalawi, Azambia ndi Amozambiki obadwira komweko akuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawatsegulira khomo. Robert Mugabe anafika ponyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda. Mlendoyo anati tsiku limene anamva mawu amenewo anakwiya kwambiri, koma atakhala pansi anazindikira kuti kwa iye chipongwecho chinali choona.

Tsiku lina ndinamutengera ku Mua pa kabaza, kuti mtima wake upumuleko. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsapo malo a zachikhalidwe a Kungoni. Titalowa mu Chamare Museum, m'chipinda cha Angoni, anaima nthawi yaitali. Ndinamufotokozera zimene mwana wa kuno amamva akukula: kuti Angoni a Maseko anachokera kummwera kwa Africa, anawoloka Zambezi, anakafika ku Songea m'dziko la Tanzania kumene Mputa anafera, n'kubwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga kudzakhala ku Domwe. Kuti mkangano wa Chikuse ndi Chifisi unagwera ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, ndipo m'zaka za m'ma 1890 anthu a Kachindamoto anatsika mapiri kudzakhala kuno kunyanja. Chingoni chinatha pakamwa, chinangotsalira m'nyimbo za ngoma, koma mndandanda wa mafumu sunaduke. N'chifukwa chake mu 2003 anatha kukatenga mayi Theresa Kachindamoto ku Zomba, kumene anagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri, kuti adzakhale pampando. Ankadziwa kumene ali ndiponso kuti ndi mwana wa yani.

Ndinamuuzanso, mwina mosaganiza bwino, kuti Bambo Boucher, munthu wa ku Canada, anapatsidwa mfunda kuno, a Chisale. Sanayankhe. Potuluka anangoti, "Mzungu ali nawo, ine ndilibe."

Pamenepo mpamene ndinaona msampha umene ife a kuno timagweramo. Timayenda modzitama kuti mbiri yathu inasungidwa, ili pa Mua, alendo amabwera ndi makamera kudzaijambula. Zoona, ya mafumu ilipo. Koma dzina la agogo anu aakazi, amene anasenza mtondo potsika phiri kumbuyo kwa ankhondo aja, silili pakhoma lililonse. Lili m'mutu mwa nkhalamba imodzi imene panopa ikuwotha dzuwa kuseri kwa nyumba, imene mumaidutsa m'mawa uliwonse ndi moni wa chithamangire.

Tsiku lonyamuka, mlendoyo anandipempha kuti ndimujambule ndi foni yake. Anasankha mlambe wina pafupi ndi njanji, anaugwira ndi dzanja limodzi, n'kuima mowongoka.

"Ndikawauza ana anga kuti ndi umenewu," anatero.

Ndinafuna kumuletsa, koma ndinalibe mlambe wina womupatsa.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanakhala ya mlendo yekhayo. Patangopita zaka zochepa, mwana wa mlongo wanga anauyamba wa ku Joni. Mapemphero anachitika, mutu 12 unawerengedwa, ndipo wina anaponyapo mwambi woti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine, malume ake, mwini mbumba, ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Ndinamulangiza za kubisa ndalama m'sokosi, za akuba a pa Beitbridge, za kupewa mowa ndi akazi a eni ake. Ndinamulembera manambala a foni anayi. Dzina la kholo ngakhale limodzi sindinamutchulire. Ndinkati mayina ndi nkhani ya pamaliro, adzamva akadzabwera.

Foni yake anamubera m'chaka choyamba. Kuntchito amadziwika ndi dzina la mnzake amene anamubwereka mapepala. Ali ndi mwana wamkazi kumeneko, amene mayi ake sadziwa Chichewa ndipo sanamvepo za Dedza. Amatiyimbira mwa apo ndi apo, nthawi iliyonse pa nambala yatsopano. Ndikawerengera bwinobwino, chimene mwana uja angadzanyamule tsiku lina potsika basi pano ndi dzina lobwereka ndi mawu akuti Mtakataka.

Mwezi wathawu ndinagula kope la ana asukulu n'kupita kwa mayi anga. Ndinawapeza akusola mtedza pamphasa.

"Amayi, tandiuzeni mayina a makolo athu, ndilembe."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Wadwala kodi?"

Kenako anayamba. Anatchula mayi awo, ndi mudzi umene anaikidwa. Anatchula agogo awo, a Nambewe, amene ankati anatsika kuchokera kumapiri ali kamtsikana kosamera mawere, m'nthawi ya nkhondo. Anatchula mlongo wa agogowo, amene anatengedwa ndi ankhondo osabwereranso. Pa dzina lachinayi, la mayi amene anabereka awiriwo, anaima. Anatseka maso, milomo ikugwedezeka, dzanja lili m'lichero.

"Lathawa," anatero. "Amene ankalidziwa bwino ndi akulu anga aja. Ankakonda kufotokoza zimenezi usiku wa maliro. Iwe pa maliro awo unagona?"

Sindinagone. Ndinafika m'mawa pa galimoto ya kuntchito, ndinaponya dothi, n'kubwerera ku Lilongwe chakudya chisanapse.

Mayina atatuwo ndinawajambula n'kuwatumiza pa WhatsApp ku nambala yomaliza imene mnyamata uja anayimbira. Lero ndi tsiku la 26. Pakona pa uthengawo pakadali kachizindikiro kamodzi kotuwa.