Mabaluni Amene Akupundula Achinyamata ku Britain

Makolo achimalawi okhala ku London, Leicester kapena Manchester amapeza kawirikawiri m'mbali mwa msewu timabotolo tachitsulo tonyezimira, totalika ngati chala, tili mbwee pamodzi ndi mabaluni ophwa. M'timabotolomo mumakhala mpweya wa nitrous oxide, womwe kuchipatala amachepetsera ululu pozula dzino kapena pobereka. Achinyamata amaupopera m'baluni n'kumaukoka, mutu n'kuzungulira, n'kumaseka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Mpweyawu umapha mphamvu ya vitamini B12, amene thupi limamangira chikuta cha minyewa ya mumsana. Chikutacho chikayamba kutha, zala ndi mapazi zimachita dzanzi ndi kubayabaya. Kenako munthu amayenda dzandidzandi, makamaka mumdima, amalephera kumanga mabatani a malaya, mwinanso mkodzo osaugwira. Mu 2023, madokotala a pa Royal London Hospital ananena kuti amalandira wodwala wotere mmodzi pafupifupi masiku 9 aliwonse. Vutoli lakula chifukwa cha masilinda akuluakulu omwe imodzi yokha imadzaza mabaluni ambirimbiri.

Wachinyamata akadandaula za dzanzi, kholo lisamukalipire kapena kungomuthowa miyendo. Apite naye kwa GP (dokotala wa m'dera) kapena ku A&E (gawo la chipatala la matenda adzidzidzi) tsiku lomwelo. Ku England chithandizo cha ku A&E n'chaulere kwa aliyense, ndipo polembetsa kwa GP safuna umboni wa visa.

Kwa dokotala, mwanayo anene mosabisa kuti wakhala akukoka mabaluni. Izi n'zofunika chifukwa poyeza magazi B12 akhoza kuoneka wokwanira pomwe ndi wakufa mphamvu. Dokotala wodziwa zoona amayezanso homocysteine ndi methylmalonic acid, n'kuyambitsa jakisoni wa B12 modumphitsa tsiku kwa masabata osachepera awiri. Ambiri amene afika msanga amapeza bwino, koma ochedwa ena amatsala ndi ndodo kapena njinga ya olumala. Kumwa mapiritsi a B12 uku akukokabe mpweyawo sikuteteza, ayenera kuusiyiratu.

Palinso za malamulo. Kuyambira pa 8 Novembala 2023, kupezeka ndi mpweyawu n'cholinga choledzera nawo ndi mlandu ku United Kingdom: wobwereza akhoza kumangidwa mpaka zaka ziwiri, wogulitsa mpaka zaka 14. Kwa wophunzira kapena wosamalira okalamba amene ali pa visa, mlandu wotere ungasokoneze pempho lake lopitiriza kukhala m'dzikomo. Ofuna uphungu mwachinsinsi angaimbire bungwe la FRANK pa 0300 123 6600.