Mpando Ukasowa Mwini

Mu Disembala 2001, yunivesite ya Notre Dame ku America idachotsa ntchito Bob Davie, mphunzitsi wa timu yake ya mpira. Mpira wake ndi uja osewera amavala zisoti zolimba n'kumagundana, ndipo kumeneko matimu a m'makoleji amadzaza mabwalo ndi kubweretsa ndalama zankhaninkhani. Akuluakulu a sukuluyo adachita phuma. Patangotha sabata imodzi adalemba George O'Leary, yemwe adatchuka pophunzitsa timu ya Georgia Tech.

Pa mbiri yake padalembedwa kuti adasewerapo m'timu ya University of New Hampshire komanso kuti ali ndi digiri yachiwiri ya ku New York University. Mtolankhani wina wa ku New Hampshire adapita kukafunsa anthu omwe adali m'timuyo zaka zimenezo. Palibe ndi mmodzi yemwe adamukumbukira ali m'bwalo. Digiri ija nayonso idapezeka kuti kulibe. O'Leary adatula pansi udindo atangogwira masiku asanu. Chimene mtolankhani adachitulukira pofunsa chabe, olemba ntchito sadachifunse n'komwe. Paja kuthamanga si kufika.

Kuboma nako kudachitika zina. Barack Obama atapambana chisankho cha pulezidenti mu 2008, mpando wake wa ku Senate, kumene ankaimira boma la Illinois, udatsala wopanda mwini. Malamulo a boma la Illinois amapatsa bwanamkubwa mphamvu yosankha wolowa m'malo, ndipo bwanamkubwa pa nthawiyo adali Rod Blagojevich. Iye adaona ngati laponda lamphawi. Osadziwa kuti a FBI akumvetsera mafoni ake, ankakambirana za chimene angapindule: udindo wonona, kapena ndalama za kampeni. Ankanena pafoni kuti mpando wotero sangaupereke ulere.

Adamumanga pa 9 Disembala 2008. Ali pa belo adasankhabe Roland Burris, yemwe adalowa ku Senate anthu akumukayikira chifukwa cha amene adamutumayo. Mu Januwale 2009 maseneta onse 59 a m'nyumba ya malamulo ya boma la Illinois adavota kuti Blagojevich achoke, ndipo mu 2011 khoti lidamulamula kukhala kundende zaka 14. Adatuluka mu 2020 Donald Trump atamuchepetsera chilango.

Nkhani ziwirizi zikutiuza kuti mpando ukasowa mwini, amene ali pa mayeso ndi wosankhayo. Ku Notre Dame kudalibe dyera, kudali changu chopanda kufufuza. Ku Illinois kudali dyera lenilenilo.

Nanunso tsiku lina mudzakhala m'komiti yofuna mphunzitsi wamkulu, msungichuma kapena kochi. Musadzakhutire ndi mapepala okongola. Imbani foni kusukulu imene munthuyo akuti adaphunzirako, funsani omwe adagwira naye ntchito. Ndipo ngati pali chimene inuyo mudzapindule akapambana wakutiwakuti, chineneni pamaso pa anzanu, kenako tulukani asankhe okha.