Batire la sola musamaliphe ndi njala

Ana anga, ambiri mwa inu mukupeza ndalama ya sopo ndi mphamvu ya dzuwa. Wina akumeta anthu pa Migowi, wina akutchaja mafoni ku Chitekesa, wina akuonetsa mpira kwa Nkhulambe. Zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa waya wa ESCOM sunafike m'midzi yambiri, ndipo ngakhale komwe unafika tinaona mdima womwe unagwa namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Chondiwawa n'chakuti sola imakhala padenga zaka 20 ikugwirabe ntchito, koma batire lanu likufa chaka chisanathe, mpamba wonse n'kupita nalo.

Mabatire ambiri omwe ndaona atafa anaphedwa ndi njala. Batire la asidi la mavolti 12 likadzaza n'kupuma limasonyeza 12.6 kapena 12.7 pa mita. Likatsika kufika pa 12.1, mwadya theka, ndipo pamenepo zimitsani zonse. Ndikudziwa kuti n'zovuta kubweza kasitomala atanyamula ndalama m'manja, kapena kuzimitsa kanema mpira usanathe. Komabe theka latsalalo n'ngati chimanga cha mbewu m'nkhokwe: chilipo ndithu, koma amene wachidya adzalira dzinja likafika. Mukamalikama batire mpaka babu kufiira, timiyala toyera timamera pa mapuleti a mtovu m'katimo. Likadzazidwa msanga timiyalato timasungunuka. Likagona lopanda moto sabata imodzi, ziwiri, timauma gwa, ndipo palibe mmisiri amene angatichotse tonse. Mudzaona batire likudzaza msangamsanga m'mawa n'kutha usiku usanapite patali. Pamenepo ladwala kale.

N'chifukwa chake miyezi ya Juni ndi Julayi ndi yoopsa kwa ife okhala m'mphepete mwa Mulanje ndi Michesi. Chiperoni akabwera, mitambo imaphimba masiku atatu kapena anayi, sola n'kumangodontheza moto pang'onopang'ono pomwe inu mukutapa monga mwa masiku onse. Nyengo imeneyo chepetsani ntchito. Siyani babu limodzi, tchajani mafoni masana okha, ndipo dzuwa likatuluka lipatseni batire tsiku lathunthu lidye likhute musanalisenzetse katundu. Inveta nayo muziizimitsa mukamaliza, pakuti imamwa moto ngakhale palibe chomwe mwalumikizako.

Pogula, musanyengeke ndi kutchipa kwa batire la galimoto. Linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kamphindi kochepa poliza injini, kenako lidzazidwe pompo. Funsani la sola, lomwe ogulitsa amati deep cycle. Mapuleti ake ndi ochindikala, amapirira kutsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku. Ndipo latsopano musaliphatikize ndi lakale, lakalelo lidzalikokera kumanda.

Kontirola, yomwe imakhala pakati pa sola ndi batire, musaione ngati chokongoletsa khoma. Sola yolembedwa mavolti 12 imatulutsa 18 kapena kuposa dzuwa likaswa mtengo, ndipo mukailumikiza molunjika ku batire, madzi amawira, mapuleti n'kupsa. Lumikizani batire ku kontirola poyamba, sola pambuyo. Sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono ngati madigiri 15 kuti mvula izitsuka yokha. M'chilimwe fumbi la m'dambo la Phalombe limakuta galasi, choncho lipukuteni m'mamawa lisanatenthe. Nthambi imodzi ya mango ikaponya mthunzi pakona, moto umatsika kwambiri.

Tsono za madzi, apa mundimvere bwino. Tsegulani zotsekera zisanu ndi chimodzi za pamwamba pa batire kamodzi pamwezi, kawiri kukatentha mu Okutobala ndi Novembala. Mapuleti asaonekere pamtunda. Onjezerani madzi a batire ogula m'botolo basi. A pamjigo ayi, makamaka inu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa komwe mijigo ina imatulutsa madzi a mchere. Asidi musaonjezere, ngakhale wina akuuzeni kuti batire lidzuka: chomwe chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Mitu ya batire ikachita zoyera kapena zobiriwira, itsukeni ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi, osalola kuti alowe m'kati, muumitse, mumange zolimba, mupake girisi kapena Vaseline.

Batire limadana ndi kutentha, ndiye musaliike pafupi ndi malata kapena pawindo lowomba dzuwa. Likhale pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi koloboyi, mbaula ndi ndudu, chifukwa mpweya womwe limatulutsa podzaza umaphulika ndipo asidi akalowa m'maso munthu amachita khungu. Likwezeninso pathandala kapena patebulo lolimba. Tonse tikukumbukira momwe madzi ndi matope a namondwe Freddy analowera m'nyumba mu Marichi 2023.

Likafa, ana asaseweretse, ndipo inu musaliswe kuti mutenge mtovu. Mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa mwana, ndipo asidi akathiridwa pansi amalowa m'nthaka momwe timalima ndi kutunga madzi. Lisungeni lotseka bwino mpaka mutapeza ogula mabatire akufa, ndalamayo muonjezere pa yogulira lina.