Chiuno chikamapweteka: dziwani gwero musanapite kokawongoletsa mafupa

Chiuno chimasenza thupi lonse. Polima, posenza madzi, popalasa kabaza, pobereka mwana, ngakhale ponyonyomala m'chimbudzi, mtolo wonse umathera pamenepa. N'chifukwa chake chikayamba kupweteka, ntchito zonse zimaima. Ambiri amayamba ndi mapiritsi a pagolosale, kenako kuthowa ndi madzi otentha, ena mpaka kukatemera mphini. Masiku ano kwabweranso njira ina imene abale athu a ku Johannesburg, Durban ndi London amaitchula kawirikawiri: kupita kwa chiropractor, katswiri wothandiza ululu wa msana ndi wa mfundo za mafupa pogwiritsa ntchito manja.

Njirayi imathandiza ululu wina. Koma ulipo wina umene manja sangauthe, ndipo kukankha fupa lodwala kukhoza kulumaza munthu. Choncho yambani ndi kudziwa chimene chikupwetekacho, za kwa yemwe mupite zibwere pambuyo.

1. Lozani ndi chala pamene pakupweteka

Mfundo ya m'chiuno, imene akuluakulu amaitcha nyung'unyu, ili mkati kwambiri. Mutu wobulungira wa fupa la ntchafu umalowa m'chibowo cha fupa la chiuno ngati munsi mumtondo, ndipo mafupa awiriwa akutidwa ndi kachikuto koterera kuti asamakhulane. Kunja kwake kuli minofu ya matako ndi ya ntchafu, ndipo chapafupi padutsa mtsempha waukulu wochokera kumsana kupita kuphazi. Chilichonse mwa zimenezi chikhoza kupweteka, ndipo malo a ululuwo amaulula zambiri.

Mukamamva ululu m'mphechepeche ndi kutsogolo kwa ntchafu, mwina mpaka pabondo, kawirikawiri vuto lili m'mfundo mwenimwenimo. Kuvala nsapato, kuwenga zikhadabo za kuphazi ndi kuponya mwendo pa njinga kumasanduka ntchito. Kwa munthu wopitirira zaka 45, nthawi zambiri imakhala nyamakazi yobwera chifukwa cha kutha kwa kachikuto kaja. M'mawa chiuno chimadzuka chouma, koma chimamasuka mphindi 30 zisanathe.

Ululu wa pambali, pa kafupa kotukuka kamene kamagunda pamphasa mukagona chammbali, umachokera m'minyewa yolumikiza minofu ya matako ku fupa. Umavuta kwambiri amayi a zaka 40 mpaka 60, ndipo umakula pokwera chitunda kapena pogonera mbali imeneyo.

Ululu woyambira pathako n'kutsika kumbuyo kwa mwendo kupitirira bondo, pamodzi ndi dzanzi kapena kunyerenyetsa, gwero lake ndi msana umene wapana mtsempha. Pomwe ululu wa kumbuyo, pamene msana wakumana ndi mafupa a chiuno, umagwira kwambiri amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene.

Sungani m'mutu kapena lembani papepala: unayamba liti, munagwa kapena ayi, chimaukulitsa n'chiyani, ndipo kodi umakudzutsani usiku. Mayankho amenewa ndi theka la ntchito ya dokotala.

2. Onani ngati pali zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Mukaona chimodzi mwa izi, musathowe, musakanyitse, musapite kwa wowongola mafupa aliyense. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

- Agogo agwa, ngakhale pakhonde pokha, ndipo akulephera kuponda. Mwendo ukaoneka wofupikirapo, phazi litagwera kunja, ndiye kuti mwina fupa lathyoka.
- Ululu wabwera ndi kutentha thupi, mfundo sikugwedezeka n'komwe. Mafinya akalowa m'mfundo amaiwononga m'masiku ochepa.
- Mwana akutsimphina kapena akukana kuyenda. Ngakhale akuloza bondo, dokotala apime ndi chiuno chomwe, chifukwa matenda a m'chiuno mwa ana amakonda kumvekera pabondo.
- Dzanzi pakati pa miyendo ndi kumalo obisika, mkodzo kukanika kutuluka kapena kungotuluka wokha, miyendo kufooka. Apa mitsempha ya kumsana yapanidwa kwambiri, ndipo kuchedwa kumasiya ulumali.
- Kwa amayi, ululu wa m'chiuno ndi m'chinena pamodzi ndi kutaya magazi, kudumphitsa msambo kapena chikazi chonunkha.

Palinso zina zosafunika kuthamanga usiku, koma zosayeneranso kudikira mwezi. Kuwonda popanda chifukwa, thukuta la usiku ndi ululu wosasiya ngakhale mutagona zikhoza kukhala TB ya m'mafupa, imene imakonda msana ndi chiuno, kapena khansa imene yafalikira kuchokera ku bere kapena ku prostate. Wachinyamata amene akumva ululu m'mphechepeche aganizirenso za matenda a kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosowa magazi. Matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu a sickle cell, amene ali ndi HIV, omwa mowa kwambiri, ndi amene amwa mankhwala a mtundu wa prednisolone kwa nthawi yaitali.

3. Kapimitseni musanayambe chithandizo chilichonse

Ululu wamba wa minofu umachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ukapitirira pamenepo, tengani buku lanu la kuchipatala mupite. M'zipatala za maboma muli madokotala a mafupa amene dziko lino la Malawi lakhala likuphunzitsa kuyambira mu 1985. Iwo akaona kuti nkhani yakula amakutumizani ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, pomwe Beit CURE ku Blantyre yakhala ikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuchokera mu 2002.

Dokotala adzakuyendetsani kuti aone mapondedwe anu. Adzakugonekani chagada, n'kupinda bondo ndi kuzungulizira mwendo mkati ndi kunja. Mfundo ya nyamakazi imayamba kukana kuzungulira mkati. Adzakwezanso mwendo uli chiwongokere; ululu ukathamanga mpaka kukatumba, amadziwa kuti ndi msana. Si ululu uliwonse umene umafuna X-ray, ndiye musakhumudwe akapanda kukujambulani. Koma muwauze zonse popanda manyazi: ma ARV, mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ngakhale a zitsamba.

4. Mvetsani chimene chiropractic ingathe ndi chimene singathe

Njirayi anaiyambitsa ndi Daniel David Palmer mu 1895 mumzinda wa Davenport, ku Iowa m'dziko la America, ndipo mu 1897 anatsegula sukulu yake. Palmer ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amayamba chifukwa cha mafupa a msana amene asuntha n'kupana mitsempha. Kafukufuku wa zamankhwala sanapeze umboni wa chiphunzitso chimenecho. Kuwongola msana sikuchiza shuga, mphumu, kusabereka kapena kuthamanga kwa magazi.

Chimene chatsimikizika n'chochepa koma chenicheni: kukankha ndi kutambasula mfundo ndi manja kumachepetsa ululu wa msana ndi kuuma kwa mfundo kwa kanthawi mwa anthu ena. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za ku Britain, linanena mu 2022 kuti pa nyamakazi ya m'chiuno ndi m'bondo thandizo la manja liziperekedwa pokhapokha likuyendera limodzi ndi mafizo. Mafizo ndiwo mankhwala enieni. Manja amangofewetsa mfundo kuti muthe kuwachita.

Choncho chiropractor akhoza kukuthandizani ngati ululu ukuchokera kumsana, kumbuyo kwa chiuno, m'minofu yokungika, kapena ngati nyamakazi sinafike poipa. Sangameretsenso kachikuto kamene kanatha, sangalumikize fupa lothyoka, ndipo sangaphe tizilombo ta TB. Kaphokoso koti "thee" kamene kamamveka akakankha si fupa lobwerera m'malo mwake ayi, ndi mpweya wa m'madzi a m'mfundo. Fupa la ntchafu likaguluka zenizeni, monga pa ngozi ya galimoto, munthu saima n'komwe, ndipo amalibwezera kuchipatala atamugoneka ndi mankhwala.

5. Sankhani katswiri wa ziphaso

Safunsa anadya phula. Ku South Africa chiropractor amaphunzira zaka zosachepera 5 ku Durban University of Technology kapena ku University of Johannesburg, ndipo ayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa. Ku Britain, lamulo la 1994 limaletsa munthu kudzitcha chiropractor ngati dzina lake mulibe m'kaundula wa General Chiropractic Council. Kuno kwathu funsani chiphaso cha Medical Council of Malawi, ndipo ku Zambia cha Health Professions Council of Zambia.

Ngati kumene muli kulibe chiropractor, musadandaule. Akatswiri a mafizo, amene kuno amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, nawonso amadziwa kufewetsa mfundo ndi manja, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu komanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre.

Musanagone pabedi lake, mufunseni: Mwapeza kuti vuto langa n'chiyani? Ndibwera kangati? Ndizichita chiyani kunyumba? Ndikapanda kusintha munditumiza kuti? Mutalikireni munthu amene akufuna kuti mulipiriretu maulendo a miyezi yambiri, amene akuti musiye mankhwala a kuchipatala, kapena amene akuyamba kukankha asanakufunseni mbiri ya matenda anu.

6. Dziwani zimene zimachitika m'chipindamo

Ulendo woyamba umakhala wa mafunso ndi kupima. Kenako akhoza kukugonekani chagada, n'kugwira mwendo pa kakolo ndi kuukoka pang'onopang'ono kuti mfundo ipume. Akhoza kukugonekani chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, n'kukankha kumunsi kwa msana mwachangu kamodzi. Amakanyanso minofu ya matako ndi kukuphunzitsani mafizo. Kumva kuphwanya pamalopo kwa tsiku limodzi kapena awiri si chachilendo.

Muuzeni msanga ngati mafupa anu ndi ofooka chifukwa cha ukalamba, ngati munadwalapo khansa kapena TB ya m'mafupa, ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ngati muli oyembekezera, kapena ngati munachitidwapo opaleshoni ya chiuno. Pa zimenezi kukankha mwamphamvu n'koopsa. Mwabwera chifukwa cha chiuno, choncho palibe chifukwa chopotokolera khosi lanu. Kupotokola khosi mwadzidzidzi, ngakhale sizichitikachitika, kwakhudzanapo ndi kung'ambika kwa mtsempha wa magazi wopita ku ubongo. Muli ndi ufulu wokana, ndiponso wonena kuti "imani kaye, zikupweteka".

7. Gwirani ntchito yanu kunyumba

Apa ndi pamene pagona kuchira. Minofu ya matako ikalimba, mfundo imapepukidwa. Dokotala akavomereza, chitani izi tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku:

- Gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, mapazi aponde pansi. Kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo. Werengani mpaka 5, tsikani pang'onopang'ono. Bwerezani maulendo 10.
- Khalani pa mpando wolimba, imirirani osagwira pena paliponse, khalaninso mosadzigwetsa. Maulendo 10.
- Imani mutagwira khoma, tambasulirani mwendo kumbali phazi likuloza kutsogolo, thupi osapendekeka. Maulendo 10 mwendo uliwonse.
- Yendani pamalo osalala mphindi 10, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse.

Kaululu kochepa pochita mafizo sikolakwika, bola kathe pofika mawa lake. Kakakula, chepetsani maulendo koma musasiyiretu. Kugona tsiku lonse kumaumitsa mfundo ndi kufoola minofu.

Sinthaninso tizizolowezi tina. Pogona chammbali, gonerani mbali yabwino ndi pilo pakati pa mawondo. Pewani timipando tofupika kwambiri ndi kusanjikiza miyendo. Mwana musamangomunyamulira pa chiuno chimodzi. Madzi tungani m'ndowa yaing'ono maulendo awiri. Kumunda, muziwongoka ndi kuyendako pang'ono mukatha mzere uliwonse. M'chimbudzi chonyonyomala mangani chogwirira kapena ikani mpando wobowola. Ndodo yoyendera muziigwira kudzanja la mbali yosapweteka, iziponda limodzi ndi mwendo wodwalawo. Ngati thupi lakula, kuchepetsako makilo ochepa chabe kumapepuza chiuno.

8. Samalani ndi mapiritsi, ndipo ikani malire a nthawi

Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a Panado a 500 mg pa maola 24. Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa ululu, koma kuwamwa kwa nthawi yaitali kumayambitsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso ndi kukweza magazi. Musawaphatikize, musawamwe m'mimba muli pululu, ndipo ngati muli oyembekezera, okalamba, kapena muli pa ma ARV, funsani kaye kuchipatala. Mapiritsi osalembedwa dzina ogulitsidwa m'misika alekeni, chifukwa simungadziwe zimene zili mkati mwake.

Kulimbitsa minofu kumatenga milungu 6 mpaka 12, choncho dekhani. Koma thandizo la manja limaonetsa msanga ngati likugwira ntchito. Mukapita maulendo angapo pa mwezi wathunthu popanda kusintha kulikonse, lekani kutaya ndalama, bwererani kwa dokotala akapimenso. Ngati mfundo yatheratu moti simukugona tulo kapena kufika pachitsime, funsani za opaleshoni yoika mfundo yochita kupanga. Imachitika ngakhale m'Malawi muno, ndipo anthu ambiri amayambanso kuyenda bwino. Amene wapita minofu yake idakali yolimba ndiye amachira msanga, choncho mafizo aja musawasiye ngakhale pamene mukudikira tsiku lanu.