Handikapu yanga yakana kutsika

Funso: Ndimasewera gofu Loweruka lililonse, koma handikapu yanga yakakamira pa 22. Kodi ndigule driver yatsopano?

Yankho: Ndalamazo sungani kaye, achimwene. Dongosolo la World Handicap System, lomwe linayamba mu 2020, limawerengera masewero 8 abwino kwambiri mwa 20 omaliza, ndiye masiku anu abwinowo asamaonongeke ndi dzenje limodzi. Mpira ukalowa m'mitengo, ingoutulutsirani pambali. Kukakamira kuupyoletsa pakampata n'kumene kumalembetsa 8 pakhadi. Muzilunjika pakati pa green, mbendera isakukopeni.

Poyeserera, theka la nthawi lizipita ku chip ndi putt, makamaka ma putt a mita imodzi kapena mamita awiri. Driver imakoma kumenya, inde, koma pa maenje 18 mumaigwira mwina ka 14 basi.