PHUNZIRO 3: MLENGI NDI MAFUPA A KU KARONGA

Kalasi: Achinyamata

Malemba oŵerenga: Genesis 1:20-31, Yobu 38:1-7, Yobu 40:15-24, Akolose 1:15-17

Vesi loloŵeza: Ahebri 11:3

CHOLINGA

Kuti achinyamata adziŵe kuti nyama zonse, ngakhale zimene zidatha kalekale, ndi ntchito ya manja a Mulungu. Ndiponso kuti asataye chikhulupiriro chao pamene akumva kusukulu za zaka za dziko lapansi.

MAU KWA MPHUNZITSI

Phunziro ili lidzautsa mafunso ambiri. Musakalipire wofunsa, pakuti akulu adati safunsa adadya phula. Mwana amene wakanizidwa kufunsa m'tchalitchi adzakafunsa kwina. Konzekani pakuŵerenga malemba onse kaŵiri ndi kupemphera. Ngati mungapeze chithunzi cha dinosaur m'buku la kusukulu, mubwere nacho. Mubwerenso ndi mphika wadothi, chifukwa tidzaufuna pa mfundo yachisanu.

CHIYAMBI

Taganizani za mnyamata wa mu mpingo wathu amene wapita ku sekondale. Tsiku lina aphunzitsi aŵatenga ulendo wa ku Karonga. Aloŵa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo aona chigoba cha chinyama chachikulu, chakhosi lalitali ndi mchira wautali. Aphunzitsi anena kuti chinyamacho chidakhalako zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Mnyamatayo akumbukira zimene adaphunzira ku Sande Sukulu, za masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe, ndipo mtima wake uyamba kuvutika. Aganiza kuti, “Ngati aphunzitsi akunena zoona, ndiye kuti abusa adandinamiza. Ngati abusa akunena zoona, ndiye kuti mafupa aŵa ndi abodza.” Pobwera ku tchuthi, sakufunanso kupemphera.

Kodi mnyamata ameneyu tingamthandize bwanji? Ndilo phunziro lathu lero.

1. MAFUPAŴA ALIPODI

Poyamba tivomereze chimene maso aona. M'zaka za m'ma 1920, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, adasonkhanitsa mafupa akuluakulu osanduka miyala m'boma la Karonga. M'chaka cha 1928 katswiri wina, Sidney Haughton, adalemba za mafupawo. Pambuyo pake akatswiri a ku America pamodzi ndi Amalaŵi adakumbanso ku Mwakasyunguti, napeza mafupa ena ambiri. M'chaka cha 1993 nyamayo adaitcha Malawisaurus, ndiye kuti buluzi wa ku Malaŵi. Inali nyama yodya masamba, yoyenda ndi miyendo inayi, yotalika kuposa mamita 9. M'chaka cha 2005 mayi wa Chimalaŵi, Elizabeth Gomani, adafotokoza za mtundu wina wa nyama zotere nautcha Karongasaurus. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga idatsegulidwa m'chaka cha 2004, ndipo m'menemo muli chifanizo cha chigoba cha Malawisaurus.

Nyama za mtundu umenewu zitchedwa madinosaur. Dzinali adalipanga Mngelezi wina, Richard Owen, m'chaka cha 1842, kuchokera ku mau aŵiri a Chigriki otanthauza buluzi woopsa. Chotero tisadabwe kuti dzinali silipezeka m'Baibulo, pakuti aneneri ndi atumwi adalemba kale dzinali lisanakhalepo.

Mkhristu sayenera kunena kuti mafupa ameneŵa adaŵapanga azungu, kapena kuti adaŵakwirira Satana kuti atisokeretse. Mafupa alipodi, ndipo ena adatuluka m'nthaka yathu yomwe ino.

2. CHIMENE BAIBULO LIPHUNZITSA POYERA

Ŵerengani Genesis 1:20-31. Taonani kuti wolembayo satchula njobvu, mkango kapena fisi. Iye aika nyama m'magulu: za m'madzi, zouluka, zoŵeta, zokwaŵa ndi zakuthengo. Palibe nyama yotsala kunja kwa magulu ameneŵa. Tsono ngati Malawisaurus idayendapo pa dziko lino, Mwini wake ndi Mulungu. Pa Akolose 1:16 Paulo atiuza kuti zonse zidalengedwa mwa Khristu, ndipo zidalengedwera Iye. Ngakhale nyama imene munthu sadaione ikuyenda inali yokondweretsa Mlengi wake.

Ŵerenganinso Yobu 40:15-24. Mulungu aonetsa Yobu chinyama champhamvu, chodya udzu, chokonda mitsinje, chimene pa Chihebri chitchedwa Behemoti. Omasulira ambiri amati ndi mvuu, ena amati ndi njobvu. Akhristu ena a masiku ano amati ndi dinosaur, popeza mchira wake ufanizidwa ndi mtengo wa mkungudza, pamene mchira wa mvuu ndi waufupi. Malemba satitchulira dzina lina, chotero tisaumirire. Chimene Mulungu adafuna kuphunzitsa Yobu ndi ichi: ngati sungathe kugwira chinyama chimenechi, ungatsutsane bwanji ndi Ine amene ndidachilenga? Pa Yobu 38:4 Mulungu amfunsanso kumene anali pamene dziko linkakhazikitsidwa. Funso limeneli lichepetsa tonse, mbusa ndi katswiri yemwe.

3. AKHRISTU AYANKHA MOSIYANA ZA ZAKA

Akatswiri a sayansi amayesa zaka za miyala pakuyang'ana m'mene idasanjikirana, ndiponso pakuyesa zinthu zina za m'kati mwake, monga uranium, imene imasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liŵiro lodziŵika. Ndi njira zimenezi apeza kuti dziko lili ndi zaka zoposa mamiliyoni 4,500, ndi kuti madinosaur akuluakulu adatha zaka mamiliyoni 66 zapitazo, anthu asanakhalepo. Pafupifupi akatswiri onse a miyala, ndi Akhristu omwe mwa iwo, avomerezana pa ziŵerengero zimenezi. Nanga okhulupirira Baibulo atani nazo?

(a) Ena amati dziko ndi laling'ono msinkhu. M'chaka cha 1650 James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Ireland, adaŵerengera mibadwo ya m'Baibulo napeza kuti dziko lidalengedwa zaka 4004 Yesu asanabadwe. Maganizo otere adalimbikanso m'chaka cha 1961, pamene John Whitcomb ndi Henry Morris a ku America adalemba buku lotchedwa The Genesis Flood. Abale ameneŵa amati masiku a m'Genesis ndi masiku wamba a maola 24, natchula Eksodo 20:11. Amati madinosaur adalengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi pamodzi ndi Adamu, ndi kuti mafupa ao adakwiririka ndi chigumula cha Nowa. Chimene chiŵadetsa nkhaŵa kwambiri ndi imfa. Poŵerenga Aroma 5:12 iwo amafunsa kuti, nyama zikadafa bwanji Adamu asanachimwe? Bungwe la Answers in Genesis, lotsogozedwa ndi Ken Ham, lidatsegula nyumba yoonetsera maganizo ameneŵa ku Kentucky m'chaka cha 2007.

(b) Ena amati dziko ndi lakalekale, koma Mlengi wake ndi Mulungu yemweyo. Ambiri a iwo anali a Presbyterian monga ife. Hugh Miller wa ku Scotland anali wosema miyala ndiponso Mkhristu wolimba wa mpingo wa Free Church. Iye adafukula yekha nsomba zosanduka miyala, nakhulupirira kuti masiku a m'Genesis ndi nyengo zazitali. Abale ameneŵa amatikumbutsa kuti dzuŵa litchulidwa pa tsiku lachinayi, kuti tsiku lachisanu ndi chiŵiri lilibe madzulo ake, ndi kuti Mulungu saŵerenga nthaŵi monga ife (Masalmo 90:4). Za Aroma 5:12 amati Paulo akunena za imfa ya anthu. William Henry Green, mphunzitsi wa abusa ku Princeton, adaonetsa m'chaka cha 1890 kuti mndandanda wa mibadwo m'Baibulo nthaŵi zina umadumpha maina. Mungayese nokha: pa Mateyu 1:8 mafumu atatu, Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya, sadatchulidwe, ngakhale ali pa 1 Mbiri 3:11-12. Chotero mibadwo idalembedwa kuti ionetse mzere wa lonjezo, osati kuti tiŵerengere nayo zaka za dziko.

Magulu aŵiri onseŵa avomereza kuti Mulungu adalenga zonse popanda kanthu, kuti munthu adalengedwa m'chifanizo chake, kuti tidachimwa, ndi kuti tipulumuka mwa Yesu Khristu yekha. M'chaka cha 2000 mpingo wa Presbyterian Church in America udalandira lipoti la nkhani imeneyi, nulola kuti abusa ake asiyane maganizo pa za kutalika kwa masikuwo, malinga avomereze kuti Genesis anena zochitikadi. Ifenso tisatche mbale wathu wosakhulupirira chifukwa cha chiŵerengero cha zaka. Palibe adzaloŵa kumwamba chifukwa adaŵerenga bwino zaka za dziko.

4. TISATETEZE CHOONADI NDI BODZA

Mu mtsinje wa Paluxy ku Texas muli mapazi a madinosaur odindika pa thanthwe. Kwa zaka zambiri Akhristu ena ankalalikira kuti pambali pake pali mapazi a anthu, ndipo adajambula kanema wa nkhaniyo. Atayang'anitsitsa, kudapezeka kuti ena mwa mapaziwo anali a madinosaur omwe, ofufutika ndi madzi, ndipo ena anali osemedwa ndi anthu ofuna kugulitsa m'zaka za umphaŵi za m'ma 1930. M'zaka za m'ma 1980 eni kanemayo adaleka kuionetsa. Adachita bwino. Kufikira lero mafupa a munthu sadapezeke pamodzi ndi a dinosaur m'thanthwe limodzi.

Tiphunzirepo kanthu. Lamulo lachisanu ndi chinayi litiletsa umboni wonama, ngakhale pofuna kuthandiza Mulungu. Pa Yobu 13:7 Yobu adzudzula abwenzi ake chifukwa chonenera Mulungu zachinyengo. Mwana amene tamphunzitsa umboni wabodza, tsiku limene adzazindikire adzataya bodzalo pamodzi ndi Uthenga Wabwino umene tidamangirirapo. Mphunzitsi akafunsidwa chimene sachidziŵa, ayankhe kuti, “Tiyeni tikafufuze.” Kutero si manyazi ai.

5. FUNSO LALIKULU: NDANI, NDIPO CHIFUKWA NINJI?

(Mphunzitsi aonetse mphika uja.) Munthu wophunzira angatiuze kumene dothi la mphika uwu lidakumbidwa, moto umene udauwotcha, ndi zaka zake. Zonsezo zingakhale zoona. Koma atatha kuyesa, kodi anganene kuti mphikawu ulibe woumba? Iai. Muyeso wake sufika pamenepo. Ndipo amene afuna kudziŵa chifukwa chimene mphikawu udaumbidwira ayenera kufunsa mayi amene adauumba.

Pali anthu amene amati dziko lidangochitika lokha, kuti kulibe Mlengi, ndi kuti munthu ndi nyama chabe yopanda woiŵerengera mlandu. Amanena ngati kuti sayansi idatsimikiza zimenezi. Koma palibe fupa kapena mwala umene udaonetsapo kuti kulibe Mulungu. Chimenecho ndi chikhulupiriro chao, osati muyeso. Apa ndi pamene pali nkhondo yeniyeni, pakuti kaonedwe kathu ka chiyambi kamalamulira makhalidwe athu. Wokhulupirira kuti adalengedwa adziŵa kuti moyo wake uli ndi Mwini. Adzalemekeza wolumala, mwana wamasiye ndi nkhalamba, popeza onse ali ndi chifanizo cha Mulungu. Adzasamala nkhalango, nyanja ndi nyama, popeza adaikidwa kukhala kapitao, osati mwini (Genesis 2:15). Mafupa a ku Karonga atichenjeza kuti mtundu wa nyama ukatha, sudzabweranso.

Chivomerezo cha chikhulupiriro cha ku Belgium, chimene Guido de Brès adalemba m'chaka cha 1561, chiphunzitsa kuti Mulungu timdziŵa m'njira ziŵiri: mwa zolengedwa, zimene zili ngati buku lokongola, ndiponso moposa mwa Mau ake oyera. Mwini wa mabuku aŵiriŵa ndi mmodzi, ndipo sadzitsutsa. Pamene aoneka ngati akutsutsana, olakwa ndife oŵerenga: kapena taŵerenga miyala molakwa, kapena tamasulira Malemba molakwa. Tsono tidekhe ndi kupitiriza kuphunzira.

Mnyamata uja timuuze kuti: Mwana wanga, suyenera kusankha pakati pa sukulu ndi Yesu. Phunzira sayansi ndi mtima wonse, ulembe mayeso ako mokhulupirika. Ukaima patsogolo pa chigoba chija, kumbukira kuti Amene adalumikiza mafupa amenewo ndiye adakuumba iwenso, nakufera pa mtanda.

MAFUNSO

1. Kodi mafupa a Malawisaurus adapezeka m'boma liti? Dzinali litanthauza chiyani?
2. Chifukwa ninji dzina lakuti dinosaur silipezeka m'Baibulo?
3. Mulungu adafuna kuphunzitsa Yobu chiyani pomuonetsa Behemoti?
4. Tchulani zinthu zinayi zimene Akhristu onse avomerezana za chilengedwe.
5. Nkhani ya mtsinje wa Paluxy itiphunzitsa chiyani?
6. Mnzanu akanena kuti sayansi idatsimikiza kuti kulibe Mulungu, mudzamuyankha bwanji?

NTCHITO YA SABATA INO

Ŵerengani Masalmo 104 kunyumba pamodzi ndi makolo anu, ndipo mulembe maina a zolengedwa zonse zotchulidwamo. Loŵezani Ahebri 11:3, mudzanene pamtima Lamulungu likudzali.

PEMPHERO

Atate wathu Mlengi, tikuyamikani chifukwa cha ntchito zanu zazikulu, zimene tiziona ndi zimene zidatha ife tisanabadwe. Mutipatse mtima wodzichepetsa pa zimene sitizidziŵa, ndi mtima wolimba pa zimene mudatiululira. Musunge ana athu amene ali m'masukulu, kuti nzeru zao zikule pamodzi ndi chikhulupiriro chao. Mutiletse kunama ndi kunyozana. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.