Dokotala amene amakhala kumutu kwa wodwala

Tikamva za opaleshoni, ambirife timaganiza za dokotala amene wagwira mpeni. Ine ndikufuna tikambe za mnzake uja amakhala kumutu kwa wodwala, wogonetsa uja, ndi mmene ntchito yake inayambira ku Britain.

Kale wodwala ankamupanikiza anthu amphamvu, dokotala n'kumadula mofulumira iye akukuwa. Koma pa 21 Disembala 1846, Robert Liston anadula mwendo wa munthu ku London atamugonetsa ndi ether. Mu 1847, James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugonetsa odwala ndi chloroform. Iyi inali yosavuta: kudontheza pa kansalu, kuika pamphuno, basi munthu wagona.

Msampha unali pomwepo. Mu Januwale 1848, Hannah Greener, mtsikana wa zaka 15, msinkhu wa ambiri a inu, anamwalira atakoka mpweya wa chloroform. Ankangofuna kumuchotsa chikhadabo cha chala cha kuphazi.

Dokotala wina wa ku London, John Snow, anati vuto ndi mlingo. Chloroform ikachepa mu mpweya umene wodwala akupuma, amamva kuwawa. Ikachuluka, mtima ukhoza kuima. Nanga kansalu kangayeze chiyani? Snow anapanga kachipangizo kothandiza kuti mankhwala azilowa pa mlingo woyenera, ankayesa pa nyama, ndipo ankalemba za odwala amene wawagonetsa. Mu 1853 ndi iye anapatsa Mfumukazi Victoria chloroform pobereka mwana wake Leopold. Kwa ine, apa m'pamene kugonetsa kunasanduka sayansi. Ndi Snow yemweyu, pajatu, amene mu 1854 anaonetsa kuti kolera inkafala kudzera m'madzi a pampope wa ku Broad Street.

Komabe kwa zaka zambiri ntchitoyi ankaipeputsa, mwakuti nthawi zina ankangoisiyira dokotala wongoyamba kumene. Ogonetsa anakhazikitsa bungwe lawo mu 1932, ndipo mayeso a dipuloma anayamba mu 1935. Mu 1937 Robert Macintosh anakhala pulofesa wa ntchitoyi ku Oxford. Itayamba NHS mu 1948, ogonetsa anapatsidwa udindo wofanana ndi wa akatswiri ochita opaleshoni.

Mu 1943 Macintosh anapanga kachitsulo kopindika kokhala ndi getsi, kothandiza kuona kukhosi polowetsa chubu chopumira. Madokotala akukagwiritsabe ntchito mpaka lero, ndipo amakatchula ndi dzina lake lomwelo.